Zikomo Chifukwa cha Doko la pa Kamphulusa

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mphepo Yabwino,
Ku Likulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine Moffat Chimwaza, mlimi wa fodya kuno kufupi ndi Santhe, mlembi wa kalabu yathu ya alimi, ndipo kuyambira sabata yatha ndine munthu woyenda panyanja.

Makolo athu anapita osaonapo boti lamatanga. Ife tinkangodziwa ngolo, njinga ndi lole yopita ku okushoni. Damu la Kamphulusa tinkaliyesa chitsime chachikulu basi: Seputembala akakwana tinkafesa nazale za fodya m'mbali mwake, n'kumathirira ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Umbuli ndi matenda, Bwana. Inu munangoyang'ana pamapu muli mu ofesi, n'kuona kadontho ka buluu, pomwepo n'kudziwa kuti pano pakusowa doko la alendo. Munazinga waya, munaika alonda pachipata, munakhoma matabwa olowa m'madzi, kenako munabweretsa boti loyera lotchedwa Mfumukazi ya Chigwa. Ndiloleni ndithokoze mwandondomeko.

1. Zikomo pondisankha kuimira anthu wamba paulendo woyesera wa masiku atatu. Ine ndi mayi akunyumba, a Ezelina, tinavala zakutchalitchi, pamwamba pake majekete ofiira oti tisamire. Madziwo amalekeza m'mawondo, koma lamulo ndi lamulo. Woyendetsa boti amene munatumiza, bambo waulemu wa chipewa choyera, anakweza thanga, anayang'ana kumwamba, ndipo tonse tinadikira mphepo. Tsiku loyamba tinayenda mapazi asanu ndi awiri. Ndinayeza ndekha poyang'ana chulu cha kutsidya.

2. Zikomo chifukwa cha malo ogona. Kachipinda ka m'botimo n'kofunda bwino, moti a Ezelina akuti akanalowamo ndi masamba aawisi akanatuluka ndi fodya wouma wa giredi yoyamba. Bafa la padoko lili ndi mpopi wonyezimira, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limene mudzalumikize paipi lidzakhala losaiwalika. Ife tinasambira ndowa.

3. Tsiku lachiwiri mphepo inatimvera chisoni. Kamvuluvulu anatulukira kuminda atanyamula fumbi ndi mapesi, anang'amba thanga pakati, n'kutikankhira mkati mwa damu momwe Mfumukazi inakhala pansi ngati nkhumba yapeza matope. Apa ndiulule, mlandu ndi wathu. Chaka chilichonse tisanafese, mudzi wonse umalowa m'damumo ndi makasu ndi madengu kuchotsa matope, n'kukawathira m'mabedi a nazale. Ndiye damu limazama, mbande zimanona. Chaka chino alonda anu anatibweza, ati makasu amaipitsa maonekedwe a doko. Tikanaumirira kufotokoza, koma munthu wapakhasu angaphunzitse chiyani anthu a mapu?

4. Za thanga musade nkhawa. Amayi a kalabu analumikiza ziguduli zinayi zomangira mabelo a fodya, ndi singano yamabelo yomweyo. Panopa nambala yanga yaulimi, yolembedwa pa chiguduli chimodzi, ikupepeluka pamwamba pa mlongoti, ndipo fungo la fodya likumveka mpaka kumsewu. Potizula m'matope anatithandiza a Jeremiya, aneba anga, ndi ng'ombe zawo ziwiri zapangolo. Anakoleka tcheni pagoli, anakuwa kamodzi, ndipo tinathamanga kuposa masiku onse. Woyendetsa uja anagwiritsa chiwongolero, iye akukhotera kumanzere, ng'ombe zikulowera kumanja. Ndinaseka mpaka jekete linamasuka lokha, a Ezelina akululutira ngati paukwati. Ndikupempha kuti Bulaki ndi Bantomu, ng'ombe ziwirizo, alembedwe m'gulu la antchito anu, poti ndi okhawo amene ayendetsapo botili.

Tili m'botimo ndinkaona anthu a m'mudzi atandanda kunja kwa waya, aliyense kheni m'manja. Ndinayesa akutibayibitsa, ndiye nanenso ndinakweza dzanja ngati nduna. A Ezelina ndi amene ananditsina n'kundikumbutsa kuti makheniwo ndi opanda madzi.

Paja nazale tinafesa kunja kwa mpanda wanu, ndipo madzi tikukapempha pamjigo wakusukulu, ulendo wa ola lathunthu, pomwe amayi otunga madzi akumwa amatiyang'ana ndi diso lofiira. Sindikuwadzudzula. Mwa mabedi anga asanu ndi limodzi, anayi apsa. Awiri otsalawo mbande zake zimagona dzuwa likangofika pamutu. Apa pokha, Bwana, kuseka kukundikanika, ndili ndi mantha. Mvula ikagwa ine ndilibe chowokera, chaka chonse chapita, chigafa changa choumitsiramo fodya chidzasanduka pogona mbuzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Wathuyu sanafike n'komwe pachala.

Sindikupempha kuti mugwetse mpanda, ndine yani ine? Ndamva kwa alonda kuti chipatacho chimatsegukira okhawo obwera ndi chombo, ndipo lamuloli ndalikonda kwambiri. Choncho pempho langa ndi laling'ono: mulembetse makheni athu makumi anayi ngati maboti. Amayandama, ndayesa langa m'beseni. Safuna thanga, safuna jekete, ndipo palibe limene linafunapo ng'ombe kuti lichoke m'matope. Azidzafika padoko lanu kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, osagona, osasokosa. Mukadzalemba lipoti la chaka, mudzanena mosanama kuti doko la Kamphulusa limalandira zombo makumi asanu ndi atatu tsiku lililonse, ndipo akuluakulu anu adzakuomberani m'manja.

Yankho likafika Loweruka lisanadutse, mabedi awiri aja apulumuka. Likachedwa musavutikenso kulemba, Bwana, ndikudziwa muli ndi zambiri. Mbande zidzakhala zitauma, ndipo tidzakhala ndi mpata chaka chonse wodzaima pawaya, ife ndi ana athu, mbale zili m'manja, kulandira alendo anu ndi nyimbo.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuyera,

Moffat Chimwaza,
Mlimi, mlembi wa kalabu, komanso woyenda panyanja wa mapazi asanu ndi awiri.