Tsiku limene ndinadzitsekera kuchipinda kwa apongozi

Pali nkhani ina imene anthu a kuno ku Chiringa amaiyamba ndikangowapatsa msana, ndiye ndaona kuti bola ndiikambe ndekha, chifukwa iwowo amaithira mchere wambiri. Zoti anandipeza nditagona pabedi la apongozi ndi bodza lamkunkhuniza. M'nyumbamo munalibe ndi bedi lomwe. Zina zonsezo, ndingovomera, zinachitikadi.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Felesiya. Kwathu kuno apongozi aakazi sitiyang'anana nawo m'maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, ndipo mawu aliwonse amadzera kwa mkazi wanga ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Zolowa kuchipinda kwawo ndiye musanene n'komwe. Zaka zonsezi mwambowu ndinausunga osaphonya, ndipo ndinkanyada nazo, mpaka kumadzudzula akamwini anzanga opanda khalidwe.

Napolo atatsika m'phiri anakokolola nyumba ya apongoziwo, iwo n'kupulumuka ndi chitenje chimene anavala basi. Madzinja awiri anakhala m'chisakasa cha mapepala apulasitiki kuseri kwa nyumba yathu. Mvula ikamagwa sankagona, ankangokhala tsonga n'kumamvetsera kuphiri. Zinkandipweteka mtima, koma ndikanawauza bwanji?

Kenako boma linayamba kumangira nyumba anthu ovutika. Tinkangomva kuti cha ku Jenala zina zatha kale, ife n'kumati zimenezo n'za pa wailesi. Tsiku lina tinangoona malole a njerwa, simenti ndi malata atulukira, ndipo dzina la apongozi linali pamndandanda. Kapitawo wa ntchitoyo atafunsa ngati m'mudzimo muli kalipentala, ndinaimika dzanja anzanga asanamve n'komwe funso. (Ndinakhomapo mabenchi atatu a kutchalitchi. Awiri akadalipo.) Anandipatsa ntchito yoika zitseko, ndipo za nyumba ya apongozi ndinaziika ndikuimba mluzu.

Koma chitseko cha kuchipinda chinali ndi kavuto. Loko ndinamuika mopendekeka pang'ono, moti kalilime kake kankakakamira. Kapitawo sindinamuuze, poopa kuti aziti ukalipentala wanga ndi wa pakamwa. Ndinati ndidzakonza mwakachetechete.

Kudzakonzako kunafika m'mawa wa tsiku lopereka nyumba. Amayi a m'mudzi akuyeserera nyimbo pansi pa mtengo wa mango, ine ndinazembera m'nyumbamo ndi hamala komanso tupa. Ndinadziuza kuti poti eni ake sanalandire makiyi, chipindacho sichinakhale cha apongozi. (Munthu ukafuna kulakwa, malamulo umawadziwa bwino kwambiri.) Kunkatentha, ndiye ndinavula malaya n'kuwakoleka pakhomo la pabalaza. Ndikugwada m'chipindamo kuti ndiyambe, kamphepo kochokera kuphiri kanalowera pawindo, chitseko n'kudzitseka kuti phwa!

Ndinakoka chigwiriro. Chinangozungulira. Ndinakokanso, ndikupemphera. Chinazunguliranso. Pawindo panali zitsulo zotchinga akuba, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti boma silinachite zachinyengo pa zitsulo zimenezo.

Njira inalipo: kugogoda misomali ya mahinjesi n'kuchotsa chitseko chonse. Koma nthawi yomweyo ndinamva galimoto, nthungululu n'kuyamba. Anthu anadzaza pabwalo mpaka pansi pa windo penipeni. Ndinakhala pansi pakona n'kuti zii. Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Zolankhula zonse ndinazimvera m'menemo. Bwana wochokera kuboma ananena za nyumba zimene zatha, zimene zili pa mawindo ndi zimene ayambe mvula ikatha, anthu akuomba m'manja. Kenako ndinamva kiyi akuperekedwa, mapazi akulowa pabalaza, ndi mawu a Felesiya:

"Malaya awa si a bambo a kunyumba awa? Iwowo ali kuti?"

Wina anagwira chigwiriro cha chitseko changa chija. Chinazungulira. Anakankha ndi phewa, osatheka.

"A kapitawo, ichi n'chiyani?" anafunsa bwanayo.

"Bwana, dzulo chimatseguka bwinobwino."

"Ine sindingasainire nyumba yoti mwini wake sangalowe kuchipinda. Mayi, pepani, makiyi aja tibwezereni kaye. Akakonza tidzabweranso, koma mwina ndi mwezi wamawa, chifukwa midzi yotidikira ndi yambiri."

Mwezi wamawa! Mitambo inali itayamba kale kuunjikana pamwamba pa phiri. Ndinamva mawu a apongozi, otsika kwambiri:

"Chabwino, bwana. Tadikira kale, tidikiranso."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa. Akanakalipa bwenzi ndili chete mpaka madzulo. Koma kuti mayi wokalamba abwerere m'mapulasitiki dzinja lachitatu chifukwa ine ndikusunga ulemu wanga pakona? Ndinadzuka, n'kuika msomali pansi pa hinjesi, n'kumenya. Gho! Gho! Gho!

Pabalaza panabuka chipwirikiti. Mayi wina anakuwa kuti m'nyumbamo muli mizimu, ena n'kupondana pothawira panja. Ine ndinangopitiriza. Msomali wachitatu utatuluka, ndinanyamula chitseko chonse. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti ndili chifuwa pamtunda, ndipo apongozi aima pomwepo. Ndiye ndinachita chimene mkamwini aliyense wolongosoka akanachita: ndinabisala kuseri kwa chitsekocho n'kumayenda nacho cham'mbali ngati nkhanu. Anthu ankangoona chitseko chikutuluka, pansi pake pali mapazi awiri ovala nkhwaira.

"Kodi kuseriko kuli ndani?" anatero bwana uja.

"Ndine kalipentala, bwana."

"Tatsitsani chitsekocho tikuoneni."

"Sizingatheke, bwana. Pali apongozi."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Felesiya anandiponyera malaya pamwamba pa chitseko akunena kuti, "Inu bambo inu, mwandivula pagulu!" Apongozi anatembenukira kukhoma, chitenje chili kukamwa. Ndinkaganiza kuti akulira ndi manyazi, koma mapewa ankagwedezeka mwa mtundu wina.

Ndili kuseri komweko ndinaulula zonse: kuti loko ndinamupendeketsa ndine, kuti kapitawo sankadziwa kanthu, ndipo ndinapempha kuti andipatse kanthawi kochepa. Bwanayo, akupukuta misozi ya phwete, anayang'ana wotchi n'kuti adikira. Anthu anawatulutsa apongozi kuti ndigwire ntchito momasuka, ndipo ndikukuuzani, sindinagwirepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo. Ndinamasula loko, kumuwongola, kupala kalilime kaja ndi tupa, n'kubwezera chitseko m'malo mwake, amuna onse a m'mudzi atandizungulira, aliyense akupereka nzeru zimene sindinapemphe. Bwanayo anatsegula n'kutseka kasanu konse. Kenako anatulutsa cholembera n'kusaina.

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsika. Amayi anavina mozungulira nyumba, apongozi ali pakati, kiyi ali m'mwamba. Ine ndinaonera zonsezi ndili kuseri kwa mulu wa njerwa zotsala, koma mtima unali mbee.

Mlandu wolowa kuchipinda sunathere pomwepo ayi. Amalume ake a Felesiya anagamula kuti ndipereke nkhuku, ndipo anasankha okha tambala wanga wamkulu uja. Akamwini anzanga amene ndinkawadzudzula aja anabwera onse kudzathandiza kudya.

Patangotha masiku anayi, mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, ya mabingu. Kutacha ndikukonza mpini wa khasu pakhonde, ndinaona apongozi akubwera. Ndinayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse. Anaima chapatali n'kuitana mwana wawo, koma mokweza kuti ine ndimve:

"Felesiya, uwauze amuna akowo kuti mvula ya usiku ija ine sindinaimve. Ndangoona matope m'mawa uno."

Ndinayankha kuti, "Uwauze kuti ndamva," koma mawu anatuluka osalongosoka, ndipo ndinanamizira utsi wa kukhitchini. Tambala anapita, ulemu wanga unapita, ndipo m'boma lonse la Phalombe palibenso amene angandipatse loko kuti ndimuikire. Koma atati zibwererenso, ndikhoza kulowanso m'chipinda chija, kungoti ulendo uno nditavala malaya.