Mayeso anga pa bedi la a Simwaka

Anzanga amene tinayamba nawo digiri ya unamwino anavala mikanjo yawo ine ndikuonera zithunzi pa foni. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndimangoti zinavuta ku Chitipa, iwo n'kumaganiza kuti mwina ndinadwala. Sindinadwale ayi. Mphamvu ndinali nazo, mwinanso zopitirira muyeso.

Chaka chomaliza anatimwaza m'zipatala kuti tikazolowere ntchito, ine mwana wa ku Mulanje n'kugwera chipatala china cha ku Chitipa. Ndinaloweza moni wa Chitumbuka m'basi poganiza kuti ndathana nazo, kufika m'wodi kupeza kuti bedi lililonse lili ndi chilankhulo chake. Ndinkangoti "yewo" paliponse, ngakhale munthu akundiuza kuti sanagone ndi mutu.

Kumapeto kwake kunali mayeso. Aphunzitsi amachokera kukoleji, n'kuima pambali, iwe ukugwira ntchito pa wodwala weniweni. Ukalephera umabwereza gawo lonselo, anzako akutsazika. Wodwala wanga anali a Simwaka, bambo wachikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ntchito yanga inali kuphunzitsa gadiyani wawo mmene angamawatembenuzire pabedi kuti asatuluke zilonda. Gadiyaniyo anali akazi awo, gogo wansangala, ndipo dzulo lake tinali titapangana bwinobwino.

Kutacha, aphunzitsi anafika molawirira, uku akuyang'ana wotchi chifukwa galimoto inkawadikira. Ndikayang'ana pabedi, gogo kulibe. Akuti atsikira kumsika kukagula nthochi. Mutu unaima.

Ndi pamene ndinaona mayi wina wachitsikana atagwada kunja kwa khomo la wodi. Ndinkamudziwa. Tsiku lililonse ankabweretsa chakudya cha a Simwaka, kusiya dengu pakhomo, gogo n'kudzatenga. Mkati sankalowa. Ine ndi nzeru zanga za kukoleji ndinali nditagamula kale kuti amaopa fungo la mankhwala.

"Mayi, tabwerani mundithandize pang'ono," ndinatero.

"Yayi, anesi. Mkati yayi."

"Musaope, si jakisoni. Si abale anu a Simwaka?"

Anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Kwa ine zinakwanira. M'mabuku athu analemba kuti wachibale akamachita manyazi uzimulimbikitsa, choncho ndinamulimbikitsa pomugwira padzanja n'kuyamba kukoka. (Kwathu timasenza nkhuni kutsika nazo phiri, ndiye ndikakoka munthu amabwera.)

Analowa chafutambuyo, atadziphimba chitenje kumutu mpaka kumaso. Titafika pabedi anagwada n'kuyang'ana kukhoma. Ndinamwetulira kwa aphunzitsi ngati zonse zili m'chimake, n'kuyamba phunziro langa ndikulankhula ndi msana wa munthu.

Potembenuka kuti ndiloze wodwala, wodwalanso kulibe. A Simwaka anali atakoka bulangete ndi dzanja lawo lamoyo lija n'kufunda mpaka kumutu. Ndinati ndi kuzizira, poti ku Chitipa mphepo yake sinyengerera. Ndinawavundukula mwaulemu.

"Agogo, musafunde kumutu, mpweya uchepa."

Anafundanso. Ndinavundukula, iwo kufundanso, ndi changu chimene mlungu wonse sindinachionepo pa dzanja limenelo. (Ndikuvomera kuti mumtima ndinakondwera pang'ono kuti ayamba kupeza bwino.) Apa ndinali ndi anthu awiri ofundafunda, wina pabedi wina pansi, ine pakati thukuta lili kamukamu. Magadiyani ena anagwira pakamwa, bambo wina wa pabedi la pakona n'kumandikupizira dzanja. Ndinamubwezera moni.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Koma ndinakumbukira kuti malikisi ambiri ali poti gadiyani ayesere yekha ndi manja ake. Ndinatenga dzanja la mayi uja, ndikulitsogolera ngati la mwana wophunzira kulemba, n'kuliika pa phewa la a Simwaka.

Kukuwa kwa mayiyo sindidzakuiwala. Anadzuka, kugunda beseni la madzi limene ndinakonzeratu, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi kutsala pansi pa bedi. A Simwaka anayamba kubuula m'bulangete muja. Wodi yonse inabuka, aliyense akundikalipira m'chilankhulo chake, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinangoima m'madzi, n'kunena chokhacho chimene ndinkadziwa: "Yewo."

Gogo anatulukira phokoso lili mkati, phava la nthochi lili m'manja. Anthu atawafotokozera, anakhala pansi pomwepo n'kundiyang'ana.

"Mwana wane, uyu mwamukoka ni mkamwana withu, mkazi wa mwana wathu. Chikwatiwire sanaimepo pafupi na apongozi wake aamuna, olo kuonana nkhope yayi. Njira akakumana amapatuka. Imwe lero mwamugwiritsa phewa!"

Si mabanja onse kumeneko amene amasungabe mwambowu, koma ili linkausunga ndi manja awiri. Chondipweteka n'choti kwathunso mkamwini amapewa apongozi aakazi, ndipo ndinakula ndikuona amalume akuzembera kuseri kwa nkhokwe akaona apongozi awo. Kungoti ku Chitipako zinali zotembenuza, ndiye sindinazizindikire. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo ndinamumvera chisoni mayi uja, amene zaka zonsezi anasunga ulemu wake mpaka kudzakumana ndi ine.

Aphunzitsi anandiitanira panja.

"Munamufunsa kuti wodwalayo ndi ndani wake?"

"Ndinafunsa ngati ali pachibale, madamu."

"Chibale chimasiyana. Safunsa anadya phula. Mubwereza."

Anayankhula ngati ankadziwa zonse, koma mpaka lero ndimakayika. Iwowo kwawo ndi ku Dedza, ndipo pamene ndinkakoka munthu uja ndinawaona ndi maso angawa akugwedeza mutu movomereza.

Madzulo ake gogo ananditengera kumene magadiyani amaphikira kuti ndikapepese. Ndinagwada, yunifolomu yoyera ili m'phulusa. Mayi uja anati palibe mlandu, poti ndine mlendo, koma ankayankha manja ake onse awiri atawabisa m'chitenje.

Anzanga anakwera basi, ine kutsala. Ndinabwereza gawo lonse, mayeso achiwiri n'kukhoza, koma mwambo wa mikanjo unali utadutsa, ndipo digiri ndinakalandira chaka chinacho pamodzi ndi ana a kalasi ya pambuyo pathu amene ndinkawalangiza. Amayi anga anali atasoketsa kale chovala cha tsikulo, ndipo anachisunga m'sutikesi chaka chathunthu osandiyankhula bwino.

Panopa ndikugwira ntchito, ndipo sindikhudza munthu ndisanafunse chibale chake chonse, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mwina ndapitiriranso. Mlungu wathawu kusikelo kunabwera mayi akuyamwitsa khanda, ine n'kumufunsa mwaulemu kuti mwanayo ndi ndani wake. Anandiyang'ana, kuyang'ana mwana ali pabere, n'kufunsa mnzanga ngati panalibe namwino wina.