Chipewa cha Tadala ndi Nkhosa ya Che Amidu

Lolemba

Mphepo indiphera mwana. Mwera wayamba ndipo Tadala alibe chipewa. Anabadwa masiku osakwana, kamutu kake ngati lalanje. Anamwino ananenetsa potitulutsa: azikhala pachifuwa panu, khungu lake likhudze lanu, kumutu asazizidwe. Chipewa chimene anatipatsa ndachapa m'mawa, ndayanika, mbuzi yadya. Chatsala chingwe chokha.

Mlamu wanga Esinati wabweretsa zipewa za pakaunjika kudzayesa. Chilichonse tikamuveka chikufika m'khosi, mwana kusowa.

Amayi amadziwa kuluka, koma anabwerera ku Chitala kukatola thonje. Anagona pansi kuchipatala nthawi yonse ija chifukwa cha ine. Sindingawaitanenso.

Koma Mulungu ndi wabwino. Esinati wandionetsa kanema pafoni. Mzimayi wa dziko lozizira, kumene madzi amauma ngati mwala, akupanga nsalu monga ankachitira makolo ake. Kuzula ubweya pankhosa ndi manja, kutsuka, kupesa, kupota ulusi ndi kamtengo, kenako kuluka atapachika miyala. Makina palibe. Ngati ana awo ankakula kumeneko, wanga sangafere pa Salima pano.

Zofunika: nkhosa, chipeso, kamtengo, miyala. Zonse zilipo!

Lachiwiri

Oyandikana nawo, Che Amidu, ali ndi nkhosa yaikulu ya mchira wonona, akusungira sadaka ya malemu bambo awo. Ndafotokoza zonse.

"Mwanangu, ife nkhosa timadya, sitivala. Koma poti ndi za khanda, bisimila, tengani. Musaisiye yamaliseche."

Bambo a Tadala sakupita kunyanja chifukwa cha mwera, ndiye agwira miyendo ya nkhosa. Esinati akuzula. Ine ndakhala pamkeka, mwana pachifuwa, kulamula.

Ya mukanema ija ubweya unkangovuka ngati malaya. Yathuyi ubweya waufupi, wobaya, ngati wa galu. Ikumakhala phee pokhapokha ikamadya madeya. Madeya atha beseni. Ubweya wadzaza kapu. M'nthiti mwake mwatsala kadazi.

Che Amidu aona kadaziko, angopukusa mutu n'kuitenga. Anthu abwino ngati awa sindinawaonepo.

Lachitatu

Tsiku lotsuka. Esinati anafika Fomu 2, ndiye ndi amene akumasulira Chizungu cha mukanema. Akuti anthu akalewo ankaviika ubweya mu mkodzo wogonetsa. Ndamufunsa kawiri. Akuti wamva bwino.

Abiti Saidi, akazi a Che Amidu, amva ali kuseri kwa mpanda. "Asitakafiru. Zonyansa zimenezo pamutu pa mwana? Ndiye bola mphepoyo." Abwera ndi sopo wawo, atsuka okha. Akuti ine ndisagwire madzi ozizira. Anditungiranso ndowa.

Tayanika palichero. Mwera wabwera, wanyamula wonse, wakauthira pathandala la usipa wa Abiti Saidi umene unali pafupi kuuma. Masana onse amayi a mbali ino akhala akutola ubweya pa usipa, kansomba kamodzikamodzi. Ine manyazi, kufuna kulowa pansi. Abiti Saidi akungoseka. "Chaka chino usipa wathu ufika ku Lilongwe utafunda."

Ubweya watsala wokwana m'bokosi la machesi. Tadala ndamukulunga kumutu ndi nsonga ya chitenje. Ikumavuka akangotembenuka. Dzanja langa silikuchoka pamutu pake.

Lachinayi

Kupota. Bambo a Tadala asema kansungwi, aboola phale, alowetsa kumunsi kuti kazilemera. Kakuzungulira bwino zedi. Koma ubweya sukugwirana. Ndikapota, kamtengo pansi. Ndikatola, pansi. Mzimayi wa mukanema akupota akuyenda, akumwetulira. Ndayamba kudana naye.

Mbiri yamveka mudzi wonse. Amayi a m'mudzi akubwera kudzaonerera, ndipo poti sangabwere chimanjamanja, wina phala, wina mbatata, wina wachapa matewera osandifunsa. Ine pamkeka pomwepo.

Wina wati, "Mayi a Tadala, nkhosa za kwa eni akewo ndi zina. Zathuzi zinalengedwera mpunga. Bwanji thonje?"

Tang'amba pilo amene amayi anandisokera, muli thonje la kumunda kwawo. Likugwirana! Ulusi ukutuluka, pena wonenepa pena wowonda, ngati njoka yomeza achule. Koma ndi ulusi. Ndaupsompsona anthu akuona.

Bambo a Tadala atsamira ukonde m'malo mwa pilo. Sanadandaule.

Lachisanu

Kuluka. Mzimayi uja amamanga ulusi pamtengo wam'mwamba, kumunsi kumalendewera miyala. Ife mtengo wotero tilibe, ndiye tamanga pafelemu ya chitseko. Miyala tamasula ku ukonde.

Zovuta:
Munthu sangalowe kapena kutuluka. Bambo ake akudzera pawindo.
Miyala ya ukonde ndi yolemera. Ulusi ukuduka umodziumodzi.
Mwala wina wawagwera pachala. Akhala pansi atagwira phazi. "Mayi a Tadala, amuna a kumeneko amavala nsapato zachitsulo kapena?"

Ndaseka, koma kuseka kwathera panjira. Chitseko sichikutsekeka chifukwa cha ulusi, ndipo mwera ukulowa m'nyumba ngati kwawo. Ndagwira timapazi ta Tadala, tozizira. Ndakuwa kuti dulani zonse, tsekani. Adula ndi mpeni wa nsomba. Abiti Saidi athamanga ndi bulangete lawo, atifunditsa tonse awiri, akhala pambali panga mpaka timapazi tafunda, mwana wayamwa.

Ndinatsekula ndekha chitseko kuti mphepo imupeze. Ine mayi ake.

Nsalu imene yapulumuka ndi yokwana kuvala chala chachikulu.

Loweruka

Alangizi a zaumoyo atulukira ndi sikelo yawo. Akuti amva kuti kuno kwatsegulidwa fakitale. Ndawaonetsa kansalu. Akavala pachala, akaweramitsa ngati kakundipatsa moni. Kenako amuyeza Tadala. Ine maso ndatseka.

Wakwera sikelo. Wakwera bwino ndithu.

"Mwakhala mukuchita chiyani, mayi?"

Ndati palibe chimene ndachita, ndangokhala pamkeka sabata yonse mwana ali pachifuwa, kulimbana ndi ulusi, ntchito akugwira anzanga.

"Ndiye pitirizani kulephera komweko. Koma kumutuko chipewa chikufunikabe, mwera uwu sunathe."

Atapita ndalira. Ndikuwerenga m'mutu amene anditungira madzi, amene aphika, amene atola ubweya pa usipa. Sindikudziwa ndiyambire kwa yani kuthokoza.

Lamulungu

Basi. Nsalu ya anthu a kozizira ndaisiyira eni ake. Kamtengo kapita kumoto, miyala yabwerera ku ukonde.

Che Amidu abweretsa mzuli wawo wa kumzikiti kuti tiyese. Mwana yense akulowamo, kutsala miyendo. Bambo ake adula sokosi yawo ya mpira. Ikukwana pang'ono, koma ikuthina pamphumi ndipo fungo silikuchoka ngakhale Esinati waichapa. Ndamuvula.

Nkhosa yazolowera madeya. Yadula chingwe, yabwera, yaima pakhomo. Kansalu kanga kaja ndinakayanika pawindo kuti ndidzamuonetse Tadala akadzakula. Yadya. Ndaikhululukira, ubweya wake sitinabweze.

Tadala akupuma pachifuwa panga, kofunda, kamoyo. Zikomo Ambuye. Koma nyanja yadanso, mwera ukukula, ndipo dzanja langa lachita dzanzi pamutu pake. Sindingagone nditamugwira chonchi mpaka mwezi wotentha.

Ndamutuma Esinati akwere pachulu pamene foni imagwira. Ndati awauze amayi chonchi, asasinthe mawu:

Amayi, thonje lidikire. Mdzukulu wanu wakwera sikelo koma mutu uli pamtunda. Tengani singano zanu zolukira ndi juzi yanu yakale ija tidzamasule ulusi. Pilo wanu ndang'amba, mudzandikalipira mukafika. Kwerani kabaza woyamba amene mumuone. Bwerani lero, amayi, dzuwa lisanapendeke.