Nkhondo ya Botolo la Kambuzi ku Ilala

Tcherani khutu, inu a m'badwo uno! M'chaka chimene akuluakulu ankalimbana pa wailesi za lamulo latsopano lololeza munthu wamba kumanga mnzake, ku Ilala, dera la mumzinda wa Dar ku Tanzania, kunadzuka ngwazi: Yobu, Mphwanyamapiri, Mwini Matayala Khumi ndi Awiri, dalaivala wa lole amene nkhaniyo anangoimva theka, poti wailesi inathima pa zitunda za Kitonga.

Chuma chake chinali chimodzi: botolo la tsabola wa kambuzi amene mkazi wake Elizabeti anasinja yekha ku Dedza. Ndipo taonani, masana dzuwa lili paliwombo, analipeza botololo m'manja mwa Fahadi, Mfumu ya Chiwaya, mwana wa Amalawi wobadwira ku Dar konko, akuthira pa chipisi cha makasitomala mopanda manyazi!

Yobu anamugwira pakolala, mawu ake nagwedeza malata. "Iwe wakuba thukuta la mkazi wanga! M'dzina la lamulo latsopano, ndakumanga!"

"Pole, pepani a Yobu," anatero Fahadi akupukuta manja. "Lamulolo silinadutse, koma twende. Tiyeni kupolisi."

Ananyamuka ulendo waukulu wa mamita mazana atatu, a bodaboda, akabaza a njinga zamoto, akuliza mahutala pambuyo, amayi ogulitsa mandasi akululutira. Yobu anayenda chifuwa patsogolo mpaka mbendera ya polisi inaonekera. Apo wandendeyo analankhula mofatsa.

"Kumeneko amalemba womangidwa, amalembanso womanga. Pasipoti mwatenga?"

Mayo ine! Masiku a m'pasipoti ya ngwazi anali atatha Lachiwiri, lole ikudikirabe katundu kudoko. Dzanja linafooka pakolala.

"Achimwene," ananong'ona Mphwanyamapiri, "thawani."

"Sithawa. Ndine munthu womvera malamulo."

"Chonde thawani, anthu akuyang'ana!"

"Mwandimanga pagulu. Twende."

Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndinamumvera chisoni Yobu: womanga akukokera kumbuyo, womangidwa akukokera kupolisi, mpaka kolala inang'ambika.

Mtendere unasainidwa pachiwaya pomwepo, mboni zili ntchentche ndi a bodaboda asanu ndi mmodzi. Fahadi anavomera, mwachifundo chake chachikulu, kuleka kumangidwa. Yobu anapereka botolo lonse, ndi lonjezo la lina ulendo wamawa.

Kenaka anadyera limodzi chipisi cha mazira. Yobu atatambasula dzanja kufuna tsabola, Fahadi anakokera botolo kwa iye.

"A Yobu, muzipempha kaye. Kutenga cha mwini n'kuba. Ndingakumangeni."