Magazi a Giyabokosi

Ndikukuonani. Inu a Mose mwasendeza mpando, ndipo iwe mkamwini wakhala pakhomowe ukuyang'ana manja anga ngati ndabisa singano. Musakane. Ndikudziwa zimene zimanenedwa pano, zoti Lufeyo ku Joni ankapopa anthu magazi. Chabwino, imvani kwa mwiniwake, ndipo amene apezemo bodza ngakhale limodzi atenge njinga yangayo azipita nayo.

Zaka za m'ma eyite ndinkagwira ntchito ya m'galadeni ku Randburg, kwa mzungu wina mlenje. Anali ndi chigalimoto cha m'tchire chopanda kalachi, chosintha magiya chokha, chimene chinkakwera mapiri a mchenga wa m'migodi ngati buluzi pakhoma. Tsiku lina atabwerako kosaka, m'mawa tinapeza pansi pa chigalimotocho pali chithaphwi chofiira psuu. Dona, mkazi wa bwanayo, anayamba kuitana agalu ake mmodzimmodzi. Bwana anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mzungu wa kuseri kwa mpanda, chifukwa nkhope yake sindinkaikhulupirira. Koma nditagwada n'kununkhiza ndinadziwa kuti ndi mafuta a giyabokosi. Mafuta amenewo ndi ofiira ngati magazi a mbuzi, ndipo amayenda m'mapaipi awiri, ina kupita nawo ku rediyeta kuti akazizire, ina kubwera nawo. Onse awiri miyala inali itawadya.

Bwana anagula mapaipi atsopano, koma jeke inali yothyoka, ndiye ine ndinagona chagada, n'kulowetsa bondo limodzi, n'kuchinyamula chigalimotocho mpaka dzuwa linalowa kunsi kwake, mukumva? Nati yoyamba inali itagwira dzimbiri moti sipanala inapindika ngati nthochi, ine n'kuiluma ndi dzino ili lagwera m'katili, n'kupotoza khosi, nati n'kulira, agalu a Randburg yense n'kuvomera, paipi n'kumasuka, mafuta n'kutumphuka kupitirira mtengo wa jakaranda mpaka kunyowetsa nkhunda zimene zinkadutsa, ndipo mpaka lero kumeneko kuli nkhunda zofiira, kafunseni amene akuchokera ku Joni. Ndinauzira mpweya m'bowo la rediyeta kuti mutuluke zinyalala. Munatuluka mchenga, kenako chule, kenako njiri yamoyo imene inalowamo kutchire kuja, ndipo nayonso inandiyang'ana mokayikira isanadumphe mpanda.

Mapaipi atsopano ndinawapindira pa chala chachikulu cha kuphazi. Poyamba ndinawasemphanitsa, ndipo titailiza galimotoyo inabwerera m'mbuyo ndi liwiro loti tinakafika Lachiwiri lapitalo, ndinangozindikira ndikuthirira maluwa amene ndinali nditathirira kale. Ndinabwereranso, n'kukonza, n'kuthira mafuta atsopano, n'kuyeza ndi kandodo kake injini ikulira. Sipanadonthe kanthu.

Tsono mavuto anayamba Lamulungu. Mlamu wanga Jailosi, mlongo wake wa mkazi wanga Nachisale, mwini mbumba weniweni, ankakhala ku Alexandra ndipo ankadandaula nsikidzi. Ine, mtima wabwinowu, ndinathira mafuta akale aja m'mabotolo a mkaka kuti akapake miyendo ya bedi, n'kusenza mapaipi akale paphewa kuti azikoloweka zovala. Ovolosi yanga inali yofiira kuyambira pakhosi. M'basi palibe amene anakhala nane pafupi, koma ndinkati n'chifukwa cha ulemu.

Nditalowa pabwalo la nyumba zakuseri kumene Jailosi ankakhala, anthu akwathu amene ankasewera bawo analeka kusewera. Mayi wina anakokera mwana wake m'nyumba. Jailosi anaimirira pang'onopang'ono.

“Alamu, za m'mabotolozo n'chiyani?”

“Mafuta a galimoto.”

“Mafuta a galimoto ndi akuda. Nanga mapaipiwo ndi opopera chiyani? Tinamva kalekale kuti magazi a kwathu amabwera kuno ku Joni, koma sitinkadziwa kuti wolandira ndi inu. Mawa ndikukwera sitima. Mlongo wanga sangagone nyumba imodzi ndi namapopa. Ndikamuchotsa, ndi ana omwe.”

Ndinachita mantha, sindibisa. Apolisi a mapasi ndinkawadutsa ndikuimba mluzu, koma kumva kuti Nachisale andichokera, mluzu unathera pomwepo. Ndinatsegula botolo limodzi n'kuitana udzudzu wonse wa mu Alexandra kuti udzachitire umboni, unabwera, unanunkhiza, unabwerera, koma Jailosi anati udzudzuwo ndagwirizana nawo. Galu wa pabwalopo ananyambita pang'ono n'kuyamba kuthamanga chafutambuyo, Jailosi anati n'chifukwa cha chisoni. Magazi anandiwira. Ndinati, munthu angamwe magazi a mnzake anthu akuona? Ndinapendeketsa botolo kukamwa, gudugudu mpaka pansi, n'kutenga lachiwiri.

“Mwaona?” anatero Jailosi. “Akumwa.”

Bwalo lonse linabalalika. Jailosi sanadikirenso mawa, analunjika kusiteshoni ndi nsapato m'manja.

Apa ndiye tcherani makutu. Ndinati ndiyende pang'ono kumutsatira, ndinangomva m'mawondo kuti kwa, giya yoyamba yalowa yokha, kenako kwa, yachiwiri, pofika kunja kwa mzinda ndili mu yachitatu, mitengo ikungodutsa, ndipo pokwera chitunda mawondo ankatsitsa giya okha osawauza, mukumva? Sitima ya Jailosi ndinaipitirira iye akusuzumira pawindo, ndinamuvulira chipewa, asilikali a pa malire anangoona fumbi n'kudinda chidindo pa mphepo, Limpopo ndinawoloka osanyowa, pa Zambezi ndinaima pang'ono kuti ndizizire chifukwa thupi langa linalibe rediyeta, ndipo madzi anawira mpaka asodzi anatola nsomba zophikaphika. Ndinafika kuno ku Ntcheu dzuwa lomwe lija lisanalowe, mabuleki ndinamangira pa chulu chija chili kuseri kwa tchalitchi, n'chifukwa chake mpaka lero chili chopendekeka.

Nachisale ndinamupeza akupeta mphale. Ndinamufotokozera zonse ndikupuma wefuwefu, utsi ukutuluka m'makutu. Anaika lichero pansi, anandigwira kolala, n'kundinunkhiza m'kamwa nthawi yaitali.

“Mukununkha galaja,” anatero. “Kasambeni.”

Jailosi atafika ndi nkhani yake, mudzi wonse unamukhulupirira, ndi makolo anu omwe. Nachisale yekha anamuuza mlongo wakeyo kuti ali ndi mphuno yakeyake, ndipo sanachoke pakhomo panga mpaka tsiku limene tinamunyamula kupita naye kumanda. Mboni yanga inali imeneyo, ndipo inu mukudziwa kuti sanali munthu wonama.

Palibe amene wapeza bodza? Njinga ikhala yanga. Tsopano wina andigwire dzanja ndidzuke, mafuta aja anatha chaka chatha ndipo mawondowa giya sakulowanso. Iwe mkamwini, sendera kuno. Nanga mkonowo ukuubisiranji kumbuyo?