Maluwa a Nangozo

Lolemba
Lamulungu tikuvundukula chiliza cha mkazi wanga Nangozo. Anandilumbiritsa ali m'chipatala: "Maluwa apulasitiki ayi. Ndikufuna abuluu aja a kuseri kwa dampu, chimulu chija cha dothi la mgodi." Ndathyola mtolo, uli m'chigubu. Ntchito yatha!

Lachiwiri
Onse afota. A Banda, mphunzitsi wopuma, akuti ndi mtundu wa airisi: masamba ngati mpeni, duwa la patatupatatu, litsegula m'mawa, madzulo maliro. Akuti moyo wake uli pa kampira kapansi, ndiko kanapulumutsa mtunduwu ku moto ndi chilala kuyambira kalekale. Tsono ndikumbe ndi mizu yomwe.

Lachitatu
Zonyamula: khasu, thumba, mapilitsi a chifuwa. Kampirako kamadzikokera pansi chaka ndi chaka, ngati ife a m'migodi. Ndapeza kamodzi kokha, msana watha. Mnyamata wa njinga akufunsa m'Chishona chimene ndikukumba, "Sekuru, muri kucherei?" Ine: "Golide, mwanawe. Usauze munthu." Ndikuseka mpaka kutsokomola.

Lachinayi
Mnyamata uja wauza komboni yonse ya Chipadze. Makorokoza, okumba golide mozemba, ali mbwee, mapiki, zidebe, wina akugulitsa kale mazira owiritsa. Ndikukuwa kuti kunali kucheza. Akuti, "Mdala akufuna adye yekha!"

Lachisanu
Pamene panali maluwa pali maenje okhaokha. Zotsala:
matope,
nsapato imodzi,
mwana wa eni wothyoka mwendo, dothi linamugwera.
Ndapita kukamuona. Mayi ake sanandilonjere. Nthabwala ndabwerera nayo m'thumba.

Loweruka
Mwana wanga Esinati watsika kombi, minibasi yakuno, ndi nkhata ya pulasitiki, yapinki, yonyezimira ngati paketi ya maswiti. Akuti, "Ababa, awa safota." Eya, chimene sichinakhalepo ndi moyo chifota bwanji? Ndasisita kampira kanga m'thumba la jekete.

Lamulungu
Nyimbo, nsalu yachotsedwa, pulasitiki ili pamwamba pa Nangozo. Anthu atabalalika ndakwirira kampira kaja kumutu kwake. Ndamuuza kuti, "Pepa mayi, pakamwa panga pomwe paja." Sanayankhe, ndiye kuti wakwiyadi.
A Banda akuti mwina kadzaphuka mvula ya chaka chamawa, tsiku limodzi basi. Ndi chifuwa changachi, duwalo tidzaliona tili awiri, chakumizu.