Nkhondo ya Tsekwe wa Wendorf

Khalani chete inu migolo ndi mabotolo, nalonso thovu litsike pang'ono, pakuti tikunena za chaka chija chipale chofewa chinakwirira mudzi wa Tamarack Bend mpaka m'mawindo, chaka chimene meya analonjeza kachisanu ndi chiwiri kuti akonza mlatho, chaka chimene amuna awiri okalamba, okwatira m'nyumba imodzi, anatsala pang'ono kugawa dziko la Wisconsin pakati chifukwa cha kamtengo kotalika ngati mkono wa mwana. Amene anaona ndi maso akadalipo, ndipo ena mwa iwo amatsitsabe mawu akamadutsa mu Msewu Wachitatu.

Woyamba mwa ngwazizo anali Delmar Kroll, Mponda-Chipale, Mgonjetsi wa Agalu, amene anayenda ndi thumba la makalata zaka makumi atatu ndi zinayi nalumidwa kasanu kokha, ndipo katatu konse anali galu yemweyo. Atapuma pantchito, anatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yake namangamo ufumu. M'menemo, pa mashelefu a paini, munali ndandanda wa zigwiriro za mipopi ya mowa, zija zimene wogulitsa m'bala amakoka kuti mowa utsikire m'tambula: zina zosemedwa ngati nsomba, zina ngati nkhwangwa, china ngati wansembe wonenepa akuseka. Zinalipo mazana anayi kudza khumi ndi ziwiri, ndipo Loweruka lililonse ankazipukuta ndi mswachi wakale, akuzitchula mayina ngati mwini khola akuwerenga ng'ombe.

Wachiwiri anali mlamu wake, Orrin Pelkey, Mkango wa m'Galaja, Dazi Looneka Patali, amene m'masiku a mphamvu zake ankagulitsa matayala kwa alimi a maboma atatu. Zigwiriro zake zinalipo mazana anayi kudza zisanu ndi zinayi, ndipo kuchepa kwa zitatuko kunkamudya mumtima ngati chiswe. Delmar anakwatira Lorna, Orrin anakwatira mng'ono wake Maxine, ndipo nyumba zawo zinayang'anizana khomo ndi khomo. Kwa zaka makumi anayi awiriwa ankaweza limodzi, ankanamizana limodzi za kukula kwa nsomba, ndipo Lachisanu lililonse ankakhala pa tebulo limodzi m'holo ya tchalitchi kudya nsomba zokazinga.

Tsopano mverani za tsekwe. Mu 1909 munthu wina dzina lake August Wendorf anafika m'mudzimo ndi ngolo, mkazi ndi mphika waukulu wamkuwa, nakumba phanga m'mbali mwa mtsinje loti aziziziritsiramo mowa wake. Boma litaletsa mowa m'dziko lonse, August sanatseke chitseko. Anayamba kuphika soda wotsekemera wa mizu ya mitengo, ngakhale akuluakulu amati wodziwa kutsinzina diso ankalandira botolo la mtundu wina kuseri kwa nyumba. Ndi iyeyo amene anasema ndi mpeni wake chigwiriro choyamba cha fakitale yake ya mowayo, khosi ndi mutu wa tsekwe, pokumbukira tsekwe amene anamujompha patsiku la ukwati wake. Mu 1971, makampani akuluakulu atameza ang'onoang'ono, phanga linatsekedwa, ndipo tsekwe wosemedwayo anagwera m'manja mwa Casimir Bielski, mwini bala ya pakona, bambo wawo wa Lorna ndi Maxine. Posachedwapa mdzukulutuvi wa August, Joleen Wendorf, anasesa akangaude m'phangamo nayambanso kufulula mowa, osaiwala ndi soda yemwe.

Casimir anatsikira kuli chete ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi chimodzi, ndipo m'kalata ya chuma chake anasiyamo mzere umodzi umene unayatsa moto: "Tsekwe ndikusiyira mkamwini wanga amene amaudziwa mowa." Loya anawerenga mzerewo kawiri, anayang'ana nkhope za akamwini awiriwo, anatsekera tsekwe m'kabati, ndipo m'mawa mwake anakwera ndege kuthawira ku Florida.

"Apongozi analankhula momveka bwino," anatero Delmar tsiku lowerenga kalatalo, ali pakhonde la ofesi ya loyayo, akumanga mabatani a jekete lake.

"Momveka kwambiri," anayankha Orrin. "Zikomo alamu povomera msanga, ndimaopa kuti mudandaula."

"Alamu, inu mumadziwa matayala. Mowa mumangoukhuthulira kukhosi ngati mukuthira madzi mu injini."

"Inu ndiye mumaununkhiza ngati galu pachipata. Mwina n'chifukwa chake agalu ankakukondani chonchija."

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Nkhondo inayamba Lachiwiri.

Olemba mbiri amatchula poyamba Nkhondo ya Chipale. M'mawa wa tsikulo Orrin, pochotsa chipale pakhomo pake, anatembenuza kukamwa kwa makina ake nalavulira mulu wonse tsidya lina la msewu, pakhomo pa mlamu wake. Delmar anatuluka atavala chipewa cha makutu, nadzutsa makina ake, nabweza mulu uja osachotsapo ngakhale dzanja limodzi. Chipale chimenecho chinawoloka msewu kakhumi ndi kamodzi dzuwa lisanafike paliwombo, mpaka chinada ngati makala, ndipo basi ya sukulu inachita kuzungulira njira ina. Kenako inadza Nkhondo Yobweza Katundu, pamene Delmar anakaponya pa kapinga wa mdani makwerero amene anabwereka zaka makumi awiri zapitazo, ndipo Orrin anabweza macheka, wilibala, ndi mbale zisanu ndi ziwiri za Lorna zopanda zivindikiro. M'tchalitchi mipando inagawanika, a kwa Kroll kumanja, a kwa Pelkey kumanzere, ndipo nthawi yopatsana moni wa mtendere itakwana, ngwazi ziwirizo zinagwidwa ndi chifuwa nthawi imodzi.

Lachisanu, m'holo, Orrin anaimirira pakati pa matebulo atagwira foloko ngati mkondo.

"Anthu a Tamarack Bend, ine ndinamwa mowa wa Wendorf ndisanamere ndevu. Ndinasenza migolo ya apongozi pamsana uwu m'chipale chofika m'chiuno, pamene ena ankangoyenda ndi timapepala m'manja. Tsekwe ndi wanga, ndipo wotsutsa akafunse msana wanga."

Delmar anapukuta pakamwa pang'onopang'ono naimirira.

"Abale anga, bulu amene amasenza mabuku sakhala mphunzitsi. Ine ndikhoza kukuuzani mtsinje umene madzi a mowa anatungidwa, ndi munda umene balere wake anamera, ndi ngati wofulula anali atakangana ndi mkazi wake tsikulo. Lilime ili ndi limene apongozi ankanena."

Anthu anawomba m'manja mofanana kwa onse awiri, popeza nsomba zinali kuzizira.

Amene anatopa poyamba anali akazi awo, omwe nkhondo yonseyi ankaimbirana foni m'mawa uliwonse monga mwa kale.

"Inu bambo, kodi kamtengo kameneka adzakuikani nako m'manda?" Lorna anafunsa mwamuna wake. "Ine Isitala ndikadyera kwa mng'ono wanga. Inu mudyere m'chipinda chapansicho ndi zidole zanuzo. Kapena mumve zimene tagwirizana ndi Maxine. Loweruka mupita kuphanga kwa Joleen, akakumangani m'maso nonse awiri, akakupatsani matambula atatu. Wolozera mowa weniweni wa August atenga tsekwe. Mukalephera nonse, tsekwe abwerera kwawo kuphanga. Alamu anu avomera kale."

"Ndiye ine ndingakane bwanji," anatero Delmar, mawu ake ali olimba, koma maso akuthawa nkhope ya mkazi wake.

Pakuti Mponda-Chipale anali ndi chinsinsi chimene sanauze munthu, ngakhale Lorna amene. Zaka ziwiri m'mbuyomo anadwala chimfine choopsa, ndipo atachira anapeza kuti lilime ndi mphuno zake sizinachire naye. Khofi, nyama ya gwape, mowa wowawa ndi wokoma, zonse zinkamveka ngati envelopu yonyowa. Kuyambira pamenepo ndi pamene anayamba kusakasaka zigwiriro ngati wamisala, poti chigwiriro chimakoma ndi maso. M'mawa wa Loweruka anatsikira m'ufumu wake ndi kambale ka mchere, naika pang'ono palilime, nadikira. Panalibe kanthu. Anayang'ana zigwiriro zake, zonse zili ndwii, ndipo anadziwa kuti sakupita kukataya tsekwe yekha. Mudzi wonse unkamudziwa monga munthu wa lilime, ndipo kupatula lilimelo ndi zipsera za agalu, sankadziwa kuti Delmar Kroll n'chiyaninso.

Masana a tsikulo phanga linadzaza mpaka pakhomo. Loya anali atatumiza kiyi wa kabati ija papositi, ndipo tsekwe anaikidwa pamwamba pa mgolo, akuyang'ana khamulo ndi diso limodzi, poti linalo linagwa kalekale. Joleen, mayi wamfupi wa nsapato za mphira, anamanga ngwazi ziwirizo m'maso ndi nsalu zopukutira mbale.

"Madala, matambula ndi atatu, ndipo aliyense ali ndi ake," anatero. "Musafulumire, mowa suthawa."

Delmar analawa loyamba: envelopu yonyowa. Lachiwiri: envelopu yonyowa. Lachitatu linali chimodzimodzi, koma linamuthetheka kwambiri palilime ndipo thovu lake linakhalitsa pamlomo, ndipo munthu womira amagwira ngakhale udzu. Analikweza m'mwamba.

"Uyu ndiye mowa wa August," analengeza ndi mawu ogwedeza migolo. "Ndikumva kuwawa kwaulemu kwa masiku akale. Ndikumva balere wa m'minda ya kumpoto, ndi mkuwa wa mphika umene unabwera pangolo. Mowa uwu si wa ana."

Kumbuyo wina anatsamwa. Delmar anamva Orrin akumwa pambali pake, akuika tambula pansi, akulinyamulanso. Anamva mpweya wolemera wa mlamu wake, nadikira nkhonya yomaliza. Inatenga nthawi yaitali.

"Zikundiwawa kunena," anatero Orrin potsiriza, "koma alamu alondola. Ndi lachitatu. Kuwawa kumeneku sindingakuiwale."

Pamenepo phanga linaphulika ndi phwete. Joleen anawamasula m'maso akupukuta misozi ya kuseka.

"Madala, mwandichititsa manyazi. Mowa wa agogo unali woyamba uja. Lachitatu ndinangoikamo soda kuti tiseke, ndimati palibe wamoyo amene angasokonezeke naye. Mmenemo muli shuga wokwana kuphika keke."

Ngwazi ziwirizo zinatuluka pakati pa chiphokoso, mitu ili chiweramire, mpaka zinakaima kuseri kwa galimoto ya Orrin, pamene mphepo inkaluma makutu.

"Mwandibera yankho, alamu, ndiye mwagwa nane," anatero Delmar.

"Ndikubereni inu? Ine ndinadziwa nditangolawa kamodzi. Mpaka pano mano akundiyabwa ndi shuga." Orrin anakanda chipale pagalasi ndi chala, osamuyang'ana. "Chinayamba liti?"

Delmar anafuna kunama, koma analibenso mphamvu.

"Zaka ziwiri. Chimfine chija."

"Ndimadabwa ine. Kabichi wa Maxine uja, munthu n'kupempha mbale yachiwiri? Ndimati mwina mukundinyoza." Orrin anapukuta chala chake pajekete. "Mukanandiuza."

"Kuti mulengeze m'holo?"

"Ndikanalengeza, inde. Koma pakati pa ife tokha. Anthu awa kuseka mlamu wanga yekha, ayi. Ngati n'kuseka, aseke banja lonse."

Delmar anafufuza mawu m'thumba lonse la mtima wake, ndipo amene anapeza anali akuti, "Makwerero aja ndiwafunanso. Denga langa likudontha."

Pangano la Mtendere wa Tamarack Bend linalembedwa Loweruka lotsatira kuseri kwa kapepala koikapo tambula, mboni zake Lorna ndi Maxine. Gulu linayenda kuchokera mu Msewu Wachitatu mpaka kuphanga, patsogolo makina awiri ochotsa chipale akuyenda phewa ndi phewa atavekedwa maliboni, pambuyo pake wansembe akuliza lipenga lalikulu la mkuwa limene ankadziwa kuimbira nyimbo imodzi yokha, ndipo inali ya maliro. Joleen anamangirira tsekwe pa mpopi wa soda, ponena kuti akatswiri awiri a m'mudzimo ndi amene anamusankhira malowo. Ndime yoyamba ya panganolo inati akamwiniwo azikoka tsekwe mosinthana. Ndime yachiwiri inati chipale chizikhala mbali imene Mulungu wachigwetsera. Ndime yachitatu sinalembedwe, koma inanong'onedwa: patebulo lililonse Orrin aziponda phazi la Delmar, kamodzi ngati chakudya chakoma, kawiri ngati mchere wapitirira, kuti lilime lotchuka lipitirize kuweruza pamaso pa anthu.

Paphwando la tsikulo Delmar anaweruza nsomba molondola, naweruza msuzi molondola, ndipo anthu anayamba kunena kuti za soda zija mwina anali ndi chimfine chabe. Kenako Maxine anabwera yekha ndi mbale yaikulu ya kabichi wake uja, yofuka nthunzi, namupakulira mlamu wake mowolowa manja, naimirira pomwepo kudikira chigamulo. Delmar ananyamula foloko. Pansi pa tebulo phazi lake linapondedwa kamodzi, kawiri, katatu.

"Alamu," ananong'ona, "katatu sitinapangane. Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti idyani ndi yangayi," anayankha Mkango wa m'Galaja, akumukankhira mbale yake mwakachetechete. "Mtendere uli ndi mtengo wake."